Bondo la Lonnie Caudill

Ku Hazard, m'mapiri a Kentucky ku America, mpando wa galimoto ukang'ambika anthu amapita kwa Lonnie Caudill. Mumamupeza m'galaja kuseri kwa nyumba yake ali pa makina osokera, wailesi ikulira, mwendo wakumanzere atausanjika pa bokosi. Ndi munthu wokhutira, wa mawu ochepa. Koma ntchito imeneyi inatsala pang'ono kumuphonya chifukwa cha mwambo wa chisilikali.

Asanapite ku nkhondo ya ku Iraq ankakhoma madenga. Anabwerako bondo litalumikizidwa ndi zitsulo, galimoto yawo itaponda bomba, ndipo makwerero anamukana. Boma limalipirira asilikali ovulala maphunziro a ntchito ina, choncho iye anapempha kuti akaphunzire kusoka mipando, ntchito yogwira munthu atakhala pansi. Ofesi yoona za asilikali ovulala inamuitana kuti ikamuone.

Tsikulo anameta, anasita malaya, ndodo n'kuisiya m'galimoto. Mlangizi atamufunsa za bondo, Lonnie anawongola msana. "Lili bwino, bwana." Nanga masitepe amakwera? "Ndimakwera, bwana." Kukwera ankakweradi, koma chokhala pansi, akudzikoka ndi manja, ndipo zimenezo sananene. Kwa asilikali wamkulu akakufunsa yankho ndi limodzi, ngakhale magazi akuyenderera m'jombo. Ofesi inamukhulupirira, n'kuyankha kuti munthu wamphamvu chotere abwerere padenga.

Marcy, mkazi wake, anapsa mtima zedi. "Iwe Lonnie! Kubuula umabuulira ine, koma kwa ogwira cholembera ukuti lili bwino? Kakwere dengalo ndiye, makwerero ndikugwirira ndine!"

Anamukokera ku holo ya asilikali akale kwa bambo Gaskins, nkhalamba yomwe inamenya nkhondo ku Vietnam ndipo imathandiza anzake kuchita apilo. Gaskins anamvetsera dzanja lili kukhutu, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Mnyamata iwe, tonse tinapusa chimodzimodzi. Ine ndinawauza kuti makutu anga ali bwino, funsolo ndisanalimve n'komwe."

Apilo sithamanga. Masamba anayoyoka, chisanu chinabwera n'kupita, Lonnie akudikira. Lachitatu lililonse Gaskins ankamukhazika pansi, khofi ali pakati, n'kumamuphunzitsa kudandaula.

"Bondo lili bwanji?"

"Aa, si zoopsa kwenikweni."

"Walephera! Yambiranso, mbuzi iwe."

Zinali zoseketsa komanso zomvetsa chisoni. Munthu womasula mfuti atatsinzina ankakanika kunena kuti akumva kuwawa. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo panalibe wina akanamulankhulira.

Tsiku la apilo woweruza anali mayi wa imvi, akulankhula nawo pa kanema kuchokera kutali. Marcy ndi Gaskins anakhala kumbuyo. Mayiyo sanafunse za bondo. Anangoti, "Bambo Caudill, ndiuzeni chinthu chimodzi chimene mwalephera kuchita mwezi uno."

Lonnie anatsegula pakamwa, yankho lakale lili kale pa lilime. Koma analimeza.

"Mwana wanga Tessa anagwa panjinga kumunsi kwa nyumba, mayi. Kwathu n'kotsetsereka. Ankalira akuitana ine, amayi ake kulibe. Ndinayesa kutsika, bondo linakana. Ndinangoima pakhonde nditagwira mzati mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anakamudzutsa." Anayang'anitsitsa woweruzayo pa kanema paja. "Ngati ndikulephera kutsikira mwana wanga, padenga ndikakwera bwanji?"

Potuluka, Marcy anamuima kutsogolo, maso ali ofiira. "Zimenezi bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa kuti undiona ngati munthu wotha ntchito."

"Wotha ntchito amadya mbale ziwiri? Talowa m'galimoto, chitsiru changa."

Chilolezo cha maphunziro aja chinabwera mitengo ikuphukira. Lonnie anakakhala mwana wasukulu wamkulu kuposa mphunzitsi wake, ndipo miyezi yoyamba anadzibaya ndi singano kuposa mmene anabayira chikopa. Sanachite nazo manyazi. M'mawa uliwonse ankatuluka pakhomo limodzi ndi Tessa, aliyense ndi chikwama chake kumsana, mtsikanayo atamugwira dzanja potsika masitepe ndipo akumufunsa mwaukali ngati homuweki wamaliza.