Ndinati ankaphikira asilikali

Ndine mphunzitsi ku Nambuma, ndipo pa Chingelezi ndimadzimva. Ndiye kutabwera mayi wina wa ku Korea kudzaphunzitsa amayi a kumpingo kwathu luso lakwawo lomanga mfundo za ulusi, ndinadzipereka ndekha kumasulira, tayi ali pakhosi.

Zinayamba bwino: pindani apa, lowetsani umu, kokani. Agulugufe achikasu a ulusi anayamba kuoneka m'manja mwa amayi. Kenaka mlendoyo anafotokoza kuti agulugufewo ndi okumbukira atsikana akwawo amene asilikali a ku Japan anawagwira pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'kuwatsekera kuti azigona nawo mowakakamiza.

Nditakweza maso ndinaona apongozi anga pabenchi yakutsogolo, ulusi uli kukamwa. Ine mkamwini, mawu amenewo pamaso pawo? Ndiye ndinangomasulira kuti:

"Akuti atsikanawo anawatenga kuti... aziphikira asilikali."

Mlendoyo n'kuti akupukuta misozi. Apongozi, poti sandiyang'ana kumaso, anatembenukira mnzawo n'kunena mokweza: "Kodi aNaphiri, kuphika kumaliritsa chonchi? Ankawagwiririra anawo. Aphunzitsiwa Chichewa chawathera."

Amayi onse anandiseka, kenaka anayamba kufunsa mafunso enieni. Ndinamasulira onse, thukuta lili kamukamu.

Nditafika kunyumba mkazi wanga anandipatsira gulugufe wopotoka phiko limodzi. "Amayi akuti muzivala pajekete. Munthu akafunsa, za mapoto ayi."

Ndimavalabe. Anthu amafunsa, ndipo ndimawauza zoona, kungoti ndimayamba ndacheuka kaye kuona ngati apongozi ali pafupi.