Mchombo wa a Katekisita

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ma-irima, masisitere a pamishoni, anachoka kwathu ku Mualadzi pothawa nkhondo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pochoka anasiyira azakhali anga, a Rozalina, makina olukira kamizola, ija anzathu a ku Malawi amati juzi. Ulusi watsopano sunkapezeka chifukwa msewu wa ku Cassacatiza unkaopsa, choncho tinkamasula makamizola akale, kuchapa ulusiwo n'kulukanso.

Ine mtima unali dyokodyoko kufuna kukhala pamakinawo. Nditawavutitsa kwa miyezi, azakhali anagonja. "Uluke ya a Katekisita," anatero. "Koma ukaiononga ubwerera kumtondo, makinawa uzingowamvera patali."

A Bonifasiyo, katekisita wathu, anali munthu wa mimba yake. Nkhondo inaondetsa mudzi wonse, koma mimba imeneyo inailambalala.

Choluka chimalendewera kunsi kwa makina, ndipo umachikoleka zitsulo zolemera kuti ulusi usapulumuke m'masingano. Zitsulozo zimachikoka n'kuchitalikitsa. N'chifukwa chake azakhali ankalamula kuti uyambe waluka kachigamba koyesera, kagone tsiku lathunthu, kenako uyeze n'kudziwa mizere yofunika. Ine ndinaona ngati n'kutaya nthawi. Ndinangoyeza kamizolayo ili pamakina pomwepo, zitsulo zili lende, n'kudula ulusi monyadira.

Nditasoka zidutswa zake, kamizolayo inali itafupika mochititsa mantha. M'malo moulula, ndinainyowetsa, kuikoka n'kuipsinja ndi miyala kuseri kwa nkhokwe. Loweruka ndinakaipereka ikuoneka ngati ya munthu wamkulu.

Lamlungu kunacha ndi chisanu cha mu Juni. A Padiri, ansembe athu, anali atasiya kubwera, ndiye mapemphero ankatsogolera a Bonifasiyo. Analowa atavala kamizola yanga, mkati mopanda malaya, pakuti zovala zinali zosowa. Thupi litayamba kufunda, ulusi unakumbukira kwawo. Pamene anakweza manja n'kunena kuti "Tipemphere," kamizola inakwera mpaka pachifuwa, mchombo uli poyera kuyang'ana mpingo.

Azimayi anabisa nkhope m'makapulana, zitenje zathu zija, mapewa akugwedezeka. Akwaya anatsamwa. A Bonifasiyo akakokera kutsogolo, kumsana kunkavundukuka. Akakokera kumsana, mchombo uja n'kutulukanso. Ulaliki wa tsiku limenelo unatha tisanakhazikike n'komwe. Ine ndekha sindinaseke. Ndinali ndi manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe.

Titafika kunyumba sindinadikire chigamulo. Ndinatenga munsi ndekha, misozi ili chuchuchu.

"Ukusinja chiyani iwe?" anafunsa azakhali. "Pita ukaitenge, uimasule yonse, uyambe ndi kachigamba."

Ndinatero, ndipo pamakinawo sanandichotse.

Patapita zaka zambiri, nkhondo itatha, azakhali atakalamba, anandiululira kuti tsiku lija anandiona ndikuyeza zitsulo zili lende.

"Nanga osandiletsa bwanji, azakhali?"

"Ndikanakuletsa ukanamva?"

"Koma a Katekisita analakwanji?"

"Ankatalikitsa ulaliki," anayankha choncho osaseka n'komwe.

Lero ndimamvetsa kuti azakhali ankandidziwa kuposa mmene ndinkadzidziwira. Mwana wamakani ngati ine mawu sakanamulowa. Panafunika manyazi a pamaso pa mpingo wonse. Koma atsikana amene ndimawaphunzitsa kuluka ndimawaletsa msanga, chifukwa pophunzira amalukira ine, ndipo mimba yoti aphunzirirepo ndi yanga.