Matikiti Amene Kunalibe

Ababa ndinawanamiza kuti pageti pakufunika matikiti. Chikondwerero cha zaluso pa yunivesite yathu, kufupi ndi Chegutu, chinali chaulere, ndipo pachikwangwani analemba kuti tibwere ndi banja lonse.

Loweruka limenelo m'mawa ndinawapeza pakhonde kwathu ku Waverley atavala kale jekete yawo yovinira beni, ya mabatani osafanana ija, wezulo ili m'khosi. Anzanga a m'kalasi ankandidziwa ngati Mshona, ndiye awaone ababa akudumpha, akundiitana m'Chichewa?

"Matikiti atha, ababa," ndinatero m'Chishona, maso ali pa nsapato zawo zopolishidwa.

"Palibe kanthu, mwanawe. Ukationerere." Anandiperekeza mpaka pokwerera kombi.

Masana kunabwera gulu la beni la madala a kumigodi. Anzanga omwe ndinkawaopa aja ndiwo anali patsogolo, akukuwa ndi kujambula pa mafoni. Mdala wa ng'oma anandizindikira.

"Iwe si mwana wa a Saidi? Ali kuti? Mzere wathu ukusokonekera, palibe woimba wezulo."

Ndinati akudwala. Bodza lachiwiri, dzuwa lisanapendeke n'komwe.

Chaka chotsatira ndinafuna kupita nawo, koma sitiroko inali itawagwira miyendo. Wezulo ija ili pamsomali kuseri kwa chitseko mpaka lero. Nthawi zina amandifunsa ngati madala aja anavina bwino tsiku lija, ine n'kuvomera. Ndiye amagwedeza mutu.

"Chaka chino ugule msanga matikitiwo, mwanawe."