Mutu ku Chipoka, Miyendo ku Chinguluwe

Ndinanyamuka pa Senga Bay m'mawa, mwera ukuwomba. M'chikwama ndinaika sikuludiraiva, kabotolo ka mafuta a makina, palafini pang'ono, singano, ulusi, lamba watsopano ndi chigamba choyesera. Ndinkapita ku Chipoka kukaona makina osokera akale.

Ndine telala. Ndimasokera pakhonde la golosale ina pamsika. Chaka chino mayi oyang'anira loji ina anandipatsa ntchito ya zofunda zapabedi zisanu ndi zitatu. Pamwamba zidutswa za zitenje zolumikiza, pakati bulangete, pansi nsalu yoyera. Makina anga amagetsi, oyera aja, anasoka chofunda chimodzi ndi theka, giya la m'kati n'kugumuka mano. Wokonza wa ku Salima anati giyalo ndi lapulasitiki, lina silipezeka. Mayi a pa loji anati mwezi ukatha ndisanamalize, ntchito ipita kwa telala wa ku Lilongwe. Nyengo ya mwera asodzi salowa m'madzi kawirikawiri, osoketsa malaya amasowa. Ntchito ina ndinalibe.

Wogulitsa nsomba wina ndiye anandiuza za telala wa ku Chipoka, Che Yusufu, amene anamwalira zaka zitatu zapitazo. Anati makina awo akadalipo kwa akazi awo, akuda aja a maluwa agolide, opalasa ndi mapazi.

Minibasi yopita ku Salima inandidya K2,500. Ndinakhala pakati pa beseni la usipa ndi mnyamata wa foni yaikulu. Anandifunsa kumene ndikupita. Ndinamuuza.

"Makina akale? Madala, anzanu akugulitsa zimenezo pasikelo ngati zitsulo zakutha."

"Akugulitsa kuti? Ndikagule."

Anabwerera ku foni yake.

Ku Salima ndinamwa tiyi ndi chinangwa chophika, n'kukwera kagalimoto ka matola kopita ku Chipoka. K3,000. Mipando inali isanu ndi iwiri, anthu tinali khumi ndi mmodzi, osawerenga dalaivala amene anakhalira thako limodzi. Msewu uli ndi maenje. Dalaivala amawadziwa onse, koma sawazemba onse.

Ndinafika dzuwa litakwera. Nyumba inali kuseri kwa njanji, pafupi ndi mzikiti. Mayi aja dzina lawo ndi Abiti Saidi, aafupi, ovala mpango woyera. Anandiyalira mkeka pakhonde.

"Mwabwera za makina a malemu?"

"Eya, mayi."

Analowa m'nyumba. Anatuluka akukoka chinthu chokulunga m'chitenje. Nditamasula ndinapeza mutu wa makina. Wakuda, maluwa agolide atafufutika pamene pankagona dzanja la mwini wake.

"Nanga miyendo yake?"

"Ili ku Chinguluwe."

"Ikutani kumeneko?"

Anandifotokozera. Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, abale anakhala pansi kugawa katundu. Katundu wake anali njinga, wailesi ndi makinawa. Njinga inapita, wailesi inapita. Makina anawafuna anthu awiri: mayiwa, ndi Amidu, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Anakangana mpaka masana. Akuluakulu anati pasakhale wodandaula, aliyense atengeko mbali. Anamasula zomangira. Mutu kwa mkazi, tebulo ndi miyendo yachitsulo kwa Amidu.

"Ndiye pali amene wasokapo kuyambira pamenepo?"

"Asoke bwanji, bambo? Koma mtendere ulipo, Alhamdulillah."

Ndinagwira gudumu la m'mbali. Linali lolimba ngati lamatidwa.

"Ndimawathira mafuta Lachisanu lililonse," anatero.

"Mafuta anji?"

"Ophikira. Abwino, a m'botolo."

Mafuta ophikira akakhalitsa amauma ngati ulimbo. Ndinathira palafini m'timabowo tonse, n'kugonetsa makina chammbali, n'kupukuta pansi pake. M'katimo munalibe pulasitiki ngakhale kakang'ono. Zitsulo zokhazokha. Patapita nthawi gudumu linagwedera, kenako linayenda. Ndinathira mafuta enieni, ndinaika singano ndi ulusi, ndinalowetsa chigamba changa cha nsalu zitatu. Ndinazunguza gudumu ndi dzanja. Singano inalowa ngati ikubaya papaya wakupsa. Msoko wowongoka, pamwamba ndi pansi chimodzimodzi.

Tinamvana mtengo. Sindiutchula. Anandipempha kuti ndisautchule, abale angamve.

Ndikumanga katundu, anati, "Foni muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Mukawalumikiza, mundiimbire. Simuyenera kulankhula zambiri. Mungoika foni pafupi, ndiwamve akulira. Zaka makumi atatu ndinkadzuka ndi phokoso limenelo."

Ndinasunga nambala yawo.

Mutu wa makina akale ndi wolemera. Kuchokera kunjanji kukafika pamsewu ndinapuma katatu. Kondakitala wa minibasi anaunyamula kuti auike kumbuyo, n'kuutsitsanso.

"Uyu ndi munthu, madala. Alipire."

"Akhala pamiyendo panga."

"Ndiye miyendo yanuyo mukaisiya kuchipatala."

Sanandilipiritse. Pofika ku Salima miyendo inali itachita dzanzi.

Masana ndinadya mpunga wa nyemba pa lesitilanti ina pafupi ndi depoti, K2,000. Kenako ndinapita kusitolo yogulitsa makina kukaona matebulo atsopano, poganiza kuti ulendo wa ku Chinguluwe ndiuleke. Analipo awiri. Miyendo yake inali yamalata opinda. Ndinakankha limodzi ndi chala, linavina. Mabowo ake sanagwirizane ndi mutu wa makina uja. Mtengo wake unaposa wa mutuwo. Ndinatuluka.

Wa kabaza ya njinga yamoto anati K5,000 kupita ku Chinguluwe, ndipo andidikira ndikamuwonjezera. Ndinakhala kumbuyo, makina pakati pathu. Titasiya tala tinalowa msewu wafumbi. Inali nthawi yokolola mpunga. Pakhomo lililonse panali mpunga woyanika ndi munthu wothamangitsa nkhuku.

Kwa Amidu sikunavute kupeza. Ndinaona miyendo ndisanaone nyumba. Inali m'mbali mwa msewu pansi pa mtengo wa mango, pamwamba pake milu ya tomato, anyezi ndi timapepala ta mchere. Bowo lokhalapo makina analitseka ndi katoni. Chopondera anachimanga ndi waya kuti ana asamasewerepo. Dzimbiri linalipo, koma lapamwamba chabe.

Wogulitsa tomatoyo anali mkazi wa Amidu, amake Shakira. Anaitana mwamuna wake kumunda. Anabwera munthu wamtali, matope mpaka m'mawondo. Ndinamuuza chimene ndadzera.

"Zitsulo izi? Tengani, achimwene. Zimangotipweteka zala usiku tikamalowetsa m'nyumba. Mungowagulira mayiwa tebulo lina kwa kalipentala apo."

Nkhani inali itatha pamenepo. Ndikanamanga miyendo panjinga n'kumapita. Koma sindigula chinthu osachiyesa. Tinatsitsa tomato. Ndinachotsa katoni ndi waya, ndinathira mafuta, ndinakhazika mutu m'malo mwake. Unalowa ndendende. Ndinadula lamba, n'kumulumikiza. Nditaponda, gudumu lalikulu linalira kawiri, kenako linangoyenda phee.

Amake Shakira analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lona loyanikapo mpunga, long'ambika pakati mkono wathunthu.

"Ngati ndi makina enieni, asoke ili."

Ndinaika singano yaikulu, ndinapinda lona kawiri, ndinaponda. Makina anadya lona lonse osatsamwa. Anthu anayamba kubwera. Wina anathamangira kwawo kukatenga thumba lobooka.

Amidu anatenga lona lija, n'kukoka msoko ndi manja awiri. Sunatseguke. Kenako anati, "Ndiye kuti akugwira ntchito."

"Akugwira."

"Makina a amalume anga."

"Anali awo."

"Sachoka pano, achimwene. Ndinkayesa ndi zitsulo zakufa. Ndipo mutuwo ubwerere pamalo pake, ndi katundu wa mtundu wathu."

"Mutu ndagula."

"Kwa yani? Azakhali a ku Chipoka aja anangosungizidwa."

Wa kabaza anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana ine. Ndinaganiza za zofunda zisanu ndi chimodzi ndi theka zimene zinali kudikira kunyumba. Kukangana sindidziwa. Ndinanyamuka pamakina paja, n'kumulozera Amidu mpando.

"Khalani. Sokani thumba ilo."

Anakhala. Anaika mapazi onse awiri pachopondera, n'kuponda ndi mphamvu ya munthu wolima m'dambo. Makina opalasa ukapanda kuyamba ndi dzanja pagudumu amabwerera m'mbuyo. Anabwerera. Ulusi unapiringizana pansi. Anapondanso, singano inathyoka, kachidutswa kanagwera m'tomato.

"Ndiphunzira," anatero.

"Muphunzira liti?" anatero mkazi wake. "Zaka zitatu chitsulochi chili pano, tsiku limene munafunsa kuti mutu uli kuti ndi liti? Njinga ya amalume anu omwewo ili padenga, ilibe tcheni. Ine ndikufuna tebulo loti tomato asamagwere pabowo."

Anthu anaseka. Amidu sanaseke.

"Amake Shakira, izi ndi za kwathu."

"Za kwanu zikhale kwanu. Pamsewu pano ndi panga."

Tinakhala pansi pa mango paja kukambirana. Zimene tinamvana ndi izi: ndigule tebulo kwa kalipentala, ndisoke malona awo atatu otsala nthawi yomweyo, ndipo chaka chilichonse pokolola Amidu azibweretsa malona ku Senga Bay ndizimusokera ulere, popeza makina ndi a amalume ake. Ndinavomera. Ndalama yokwerera kupita ndi kubwera ndi yokwana lona latsopano, koma zimenezo sindinamuuze.

Ndinamasula ulusi wopiringizana uja, ndinaika singano ina, ndinasoka malona atatu. Wa thumba lobooka uja ndinamusokeranso, anandipatsa mpunga wa m'mbale. Tebulo la kalipentala linali lamatabwa a bulugama, K15,000. Amake Shakira analigwedeza, silinavine. Anayamba kuikapo tomato ndisananyamuke.

Amidu anathandiza kumanga miyendo kumbuyo kwa njinga ndi malamba a chubu. Pomaliza anasisita gudumu lalikulu lija.

"Muziwathira mafuta."

"Ndiziwathira."

"Ophikira aja ndi abwino, azakhali amatero."

"Ndamva."

Tinabwerera pang'onopang'ono. Miyendo inatuluka mbali zonse ziwiri, moti galimoto zinkatipatsa njira. Pa Salima minibasi ya ku Senga Bay inandilipiritsa mipando iwiri, ndipo ulendo uno sindinatsutse. Ndinafika kunyumba kusanade. Mkazi wanga anayang'ana katunduyo, n'kufunsa ngati ndagula makina kapena njanji.

Amene akufuna makina otere adziwe izi. Ndi olemera, suwanyamula kupita nawo kumsika tsiku ndi tsiku. Amasoka msoko umodzi wokha, wowongoka. Zokhotakhota sadziwa, mabowo a mabatani sadziwa, ndipo anga sabwerera m'mbuyo pomanga msoko, umatembenuza nsalu wekha. Wosoka madiresi aukwati asavutike nawo. Koma nsalu zitatu zosanjikiza amadutsa osadandaula, magetsi akazima sawadziwa, ndipo chowononga ndi mafuta olakwika basi. Pogula, funsani kaye ngati mutu ndi miyendo zili m'mudzi umodzi. Mukamawayesa, musayesere pagulu.

Zofunda zija ndinamaliza mwezi usanathe. Mayi a pa loji anatembenuza chimodzi, anayang'ana misoko, n'kuitanitsa zina zinayi.

Koma foni ija ndinaimba m'mawa wa tsiku loyamba, ndisanayambe ntchito. Abiti Saidi anayankha msanga.

"Ndine wa makina uja, mayi."

"Mwaipeza miyendo?"

"Ndaipeza."

Ndinaika foni patebulo, pafupi ndi singano. Ndinalowetsa chofunda chatheka chija, n'kuponda mzere wonse kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Nditafika kumapeto ndinaima, n'kutenga foni. Kunali zii. Ndinayesa kuti mayunitsi atha.

"Muli pomwepo, mayi?"

"Ndilipo. Ndi omwewo. Koma mukuthamanga, bambo. Eni ake sankathamanga choncho."

Ndinabwezera foni patebulo, n'kuyamba mzere wachiwiri pang'onopang'ono.