Pulatinamu wa Beston Sakala

Beston Sakala anachoka ku Petauke nafika ku Kabwe dzina lake lakale la Broken Hill litangochotsedwa kumene. Kumgodi wa mtovu anamukana chifukwa cha chifuwa, ndiye analowa kampani ina yofufuza miyala, kunyamula mapaipi obowolera pansi. Iye ndi mkazi wake Esnath anamanga kanyumba ka zidina ku Makululu, nabereka Lois.

Chaka china kampaniyo inamanga msasa kutsidya la mtsinje wa Mulungushi. Makina anayamba kutulutsa mwala wakuda, wolemera, wa timadontho tonyezimira ngati mkuwa wosukidwa. Ukaumenya ndi hamala unkanunkha machesi. Maurice, mnyamata wophunzira za miyala amene ankayang'anira ntchitoyo, anafotokozera Beston ndi anzake kuti kalekale mwalawo unali phala lamoto pansi pa nthaka. Pozizira, sulufule anasonkhana m'timadontho, nakoka mkuwa ndi nikelo, mwinanso pulatinamu, chitsulo choposa golide.

"Tikatumiza kunja akaupime," anatero Maurice. "Akapezamo pulatinamu, pano padzakhala mgodi, ndipo inu oyamba ndinu makapitawo."

Beston anawameza mawuwo. Mlamu wake Aleck atamupezera malo a ntchito kunjanji, iye anakana.

"Atate a Lois, sitima timaiona ndi maso tsiku lililonse," anatero Esnath. "Nanga chitsulo chanucho munachionapo?"

"Sichioneka ndi maso, amake Lois. N'chifukwa chake akuchipima."

Mkuwa utagwa mtengo, kampani inapakira makina n'kupita, osatsanzika. Beston anayamba kuyenda m'maofesi kufunsa yankho la miyala. Kwina ankati ayambe waonetsa khadi la chipani. Akaonetsa, ankati bwana ali ku Lusaka, abwere sabata yamawa. Nsapato zinang'ambika. Malo a kunjanji anali atalowa wina kalekale, ndipo Aleck anasiya kumupatsa moni kutchalitchi. Banja linkadya makala amene Esnath ankagulitsa m'mbali mwa msewu.

Lois ali kale pa ukwati wake, Beston anakumana ndi Maurice pamzere wodikira ufa. Maurice anali atamera imvi, akuphunzitsa kusekondale.

"Yankho linabwera, a Sakala, kampani isanachoke n'komwe. Pulatinamu analimo, koma mukaphwanya lole yonse ya mwala, wotulukamo sangafike kanjere ka mapira. Panalibe amene akanakumba."

"Nanga osatiuza bwanji?"

Maurice anayang'ana pansi. "Ndinkayesa anakuuzani."

Beston anachoka pamzerewo ufa asanagule. Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, nakhala pakhonde osavula chipewa, kenaka anamuuza mkazi wake zonse.

"Ndiye analimodi," anatero Esnath, akumanga thumba la makala. "Ufa uli kuti?"

Kuyambira pamenepo Beston ankakankha makala pa wilibala kupita nawo ku Ngungu, mpaka chifuwa chinamugoneka. Anthu akayamba nkhani za migodi yatsopano, iye ankadzuka n'kuchokapo.