Ndevu za mng'ono wanga

Atelala ndinakumana nawo pabenchi yakuchipatala, anzanga, tonse tikudikira kuyezedwa BP. Ine wamasiye, iwonso wamasiye. Anayang'ana mkono wa bulauzi yanga n'kupukusa mutu.

"Mayi, anakusokerani ndani? Ameneyo ngofunika kumangidwa."

"Ndinasoka ndekha."

"Basi, apolisi abwerere, mlandu watha."

Ndinaseka mpaka namwino anati BP yakwera!

Ine kulemba sindidziwa, ndikungoyankhula, akulemba pafoni ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga. Inu lembani zonse, manyazi asiyeni uko.

Bulauzi ija anaikonza. Kenako anandisokera diresi, pondiyeza m'chiuno n'kundifunsira banja. Ana anga atavomera, Atelala anasamukira kwanga ndi makina awo, tinawaika pakhonde. M'chipinda chakumbuyo munkagona mng'ono wanga, amene ndinamutola ukwati wake utatha.

Koma panali vuto. Munthu ankangowodzera pamakina, phazi lili pachopondera. Kukwiya msanga, kutopa asanagwire ntchito. Kuchipinda tinali ngati munthu ndi mlongo wake. Muziti nkhalamba ikufunanji... anzanga, imvi zili kumutu, koma magazi akuyendabe!

Anayesa mapilisi a m'misewu, anayesa ufa wa m'timabotolo. Mtima unkangowagunda ngati ng'oma, kwinako zii. Ndinawakoka dzanja mpaka kwa dokotala.

Anawatenga magazi m'mawa, tsiku lina n'kubwerezanso.

"Bambo, m'thupi mwanu mwachepa chinthu chotchedwa tesitositeroni," anatero dokotala. "N'chimene chimapatsa mwamuna mphamvu ndi chilakolako."

Anawalembera mafuta opaka pamapewa m'mawa uliwonse. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Agogo, akapaka asambe m'manja, avale malaya. Khungu lanu lisamakhudze pamene apakapo. Mkazi akamawakhudzakhudza mafutawa amamera ndevu, mawu amakula."

"Ndevu ine? Ndayamba kale kuthawa!"

Ine ndimalawirira kumsika kogulitsa masamba. Ndisanatuluke ndinkaima pakhomo.

"Atelala, mwapaka?"

"Ndapaka, mayi."

Miyezi itapita, munthu anasintha. Mluzu pakhonde, makina kulira tsiku lonse, ndowa ziwiri m'manja ngati mnyamata. Koma kwa ine? Kugona ndi malaya, nkhope kukhoma.

"Mayi, kumeneko mankhwala sanafikebe. Tipirire."

Ndinkawamvera chisoni, anzanga. Ndinkayenda kufunsa anthu ngati kuli mankhwala ena amphamvu kuposa awa. Ndinawapempherera mpaka mawondo kuchita zikang'a.

Tsiku lina ndikuchokera kumsika, mng'ono wanga anandikokera kuseri.

"Akulu, tandionani pachibwanopa."

Mayi ine! Tsitsi lakuda, lolimba ngati la burashi. Ziphuphu nkhope yonse ngati kamtsikana. Apo m'pamene ndinazindikiranso kuti mawu ake akumveka ngati bambo woimba besi kukwaya.

"Usaope, mawa tipite kuchipatala," ndinatero. Mumtima ndinkati ndikapezerepo mwayi wopempha mankhwala ena a alamu ake. Nzeru zina sizinandibwerere n'komwe. Mwana wa mayi anga!

Tinapeza dokotala yemwe uja. Anamuyang'ana bwinobwino, n'kufunsa:

"Kunyumba kwanu kuli mwamuna wopaka mafuta a tesitositeroni?"

Ine ndi kamwa langali ndinalumphira.

"Eee, amuna anga, munawapatsa ndinu. Ndipo sakugwira, adokotala, tithandizeni ena."

Dokotala anayang'ana chibwano changa, chosalala see. Anayang'ana cha mng'ono wanga. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Mwina... mwina ndi malaya a alamu pochapa," anatero mng'ono wanga, maso pansi.

"Iwe, malaya awo ndimachapa ndine. Thawulo lawo limakhala kuchipinda kwanga. Unawakhudzira pati mafutawo?"



Mng'ono wanga anangogwada pasimenti pomwepo.

"Akulu, sorry... amabwera mukapita kumsika."

Anzanga! Makutu anangoti ngwee. Namwino ndi amene anandikhazika pampando, BP anachita kuyeza kawiri, osakhulupirira.

Kunyumba ndinawapeza pakhonde, mluzu uli pakamwa.

"Atelala, mankhwala aja akugwira kapena sakugwira?"

Anaona mng'ono wanga kumbuyo kwanga, wabisa chibwano ndi mpango. Makina anaima.

"Mayi, khalani pansi kaye. Ndi mankhwalawa, amandisokoneza mutu."

"Mankhwala anakupatsani mphamvu, ndavomera. Nanga khomo la mng'ono wanga anakulozerani ndi dokotala?"

Anangokanda m'mutu, tepi ili m'khosi.

Makina anachoka pawilibala tsiku lomwelo. Mng'ono wanga ananyamula chikwama chake mawa lake. Ngati ali limodzi kapena ayi, sindinafunse.

Chimene chimandidya mumtima, anzanga, n'chakuti kwa dokotala ndinawakoka ndine. Ndine amene ndinkaima pakhomo m'mawa uliwonse, dengu lili pamutu, kufunsa ngati apaka. Ndinkawakonzera ulendo ndi pakamwa panga, ine n'kumapita kukagulitsa masamba!

Apongozi, musalire, lembani ichi chomaliza. Abambo amene mphamvu zatha, asiyeni mapilisi a m'misewu, pitani mukayezetse magazi. Mankhwala enieni alipo, ndipo amagwira. Ine sindinalawe phindu lake, koma umboni ndinauona ndi maso angawa, pachibwano cha mng'ono wanga.