Ndinatsanzika Kawiri pa Ulendo Umodzi wa ku Joni

Inu owerenga, ine ndinataya chaka chathunthu cha sukulu chifukwa choopa kuoneka pamsika wa Balaka. Sikuti ndinaba kapena ndinayambana ndi munthu ayi. Ndinali nditatsanzika kale, basi. Lero ndikaikumbuka nkhaniyi ndimaseka mpaka misozi, koma ndati ndiifotokoze kuti wina amene akulongedza chikwama cha ku Joni amveko asanagule tikiti.

Ine ntchito yanga ndi makeke. Ndinayambira pambaula, makala pansi makala pachivundikiro, mpaka maukwati a kwathu anayamba kundifuna. Koma mtima unkafuna pepala la sukulu. Azakhali anga, amene akhala ku Mayfair, dera lina la mu Joni, zaka zambiri akugwira ntchito ya m'nyumba, anandipezera sukulu ya zophikaphika mu Joni. Ndinalembera ndipo ananditenga. Kalata yawo inanena momveka kuti amalemba ophunzira kamodzi pachaka, ndipo amene sanafike ndi mapepala okwanira pa tsiku lolembetsa, malo ake amapatsa wina.

Kalatayo itafika ndinauza munthu mmodzi yekha, mayi Chimwala, wapampando wa amayi kumpingo kwathu. Amene mumawadziwa amayi a mtundu umenewu mwadziwa kale chimene chinatsatira. Lamulungu lomwelo anandiimiritsa kutsogolo. Lachinayi lake kunali mwambo wotsanzikana, mpunga ndi nkhuku, nyimbo, mapemphero, nthungululu. Anandipatsa chitenje, mabotolo a chiponde, therere louma ndi bulangete lolemera loti ndikafunde kozizira. Ena analira. Ine ndinalira kuposa onse, ndinaimirira n'kupepesa aliyense amene ndinamulakwirapo, ngakhale amene anandilakwira ineyo.

Usiku wake achimwene anga a ku Lilongwe anaimba foni n'kundifunsa kuti ndatenga viza yanji. Ndinawaseka. Ndinati achimwene, Mmalawi amalowa ku Joni ndi pasipoti yokha, mwatsalira. Iwo anandifotokozera mofatsa kuti chidindo cha pamalire n'cha mlendo, ndipo mlendo amapatsidwa mwezi umodzi. Wokakhalitsa amasankha viza yogwirizana ndi chimene akupitira, kaya sukulu, kaya ntchito, kaya kukakhala ndi mwamuna kapena mkazi wake. Ya sukulu amapempha konkuno ku Lilongwe, ndipo yankho limatenga nthawi. Anati nthawi ilipo yokwanira, nditayamba mawa ndikhoza kufika sukulu isanatsegule.

Nthawi inalipodi. Chimene chinalibe ndi nkhope yoti ndiyende nayo. Anthu anali atadya kale mpunga wanga. Kwathu munthu wotsanzika akaoneka akugula tomato, amamufunsa ngati ku Joni kwake kunali ku Liwonde. Ndinakhala m'nyumba masiku angapo ngati mkwatibwi, madzi akunditungira ana, ndipo munthu akagogoda ndinkathawira kuchipinda. Nditawaimbira azakhali, anandiyankha zimene makutu anga ankafuna. Anati bwera mwana wanga, mapepala amakonzedwa konkuno, aliyense amatero. Ndinasankha viza yanga pamenepo, osati poona chimene ndikupitira koma poona imene ingandichotse msanga pamaso pa anthu.

Ndisaname, mwezi woyamba mu Joni unandikoma. Nditatsika pa Park Station ndinangoti kukamwa yasa. Ndinaphunzira kuimitsa takisi ndi chala, ndinasocherapo kawiri chifukwa choloza chala cholakwika, ndinajambulitsa kutsogolo kwa shopu iliyonse yagalasi n'kutumiza kumudzi. Ndinagula epuloni yoyera ndi chipewa cha ophika, ndipo ndinkaziyesa pagalasi azakhali akapita kuntchito. Za viza ndikafunsa, ankangoti tiona.

Tinaona mwezi utatsala pang'ono kutha. Azakhali anati madeyizi ako, masiku a pachidindo aja, akutha, tiye kwa a Matiki. A Matiki anali bambo wochokera kwathu, wonenepa, wansangala, amene ankapezeka pafupi ndi pokwerera mabasi. Ntchito yawo inandidabwitsa. Ankasonkhanitsa mapasipoti a anthu m'jumbo, kuwamanga ndi mphira ngati mitolo ya masamba, n'kuwakweza basi. Mwini wake amatsala mu Joni, pasipoti imapita kumalire, n'kubwerako ndi zidindo zonena kuti munthuyo anatuluka n'kulowanso. Amene ankadinda ndani, ndi chidindo chochokera kuti, palibe ankafunsa. Pasipoti ya azakhali inali itayenda maulendo ochuluka kuposa dalaivala, pamene eni ake kumudzi sanapondeko chichokere ine ndili kupulayimale.

Ndinazengereza pomwe ndinkapereka yanga, koma a Matiki anandisisita paphewa. "Shapu shapu, mlongo. Lolemba ikhala m'manja mwanu, madeyizi atsopano." Kulembetsa kusukulu kunali Lachitatu, ndipo mwezi wanga unkatha Lachisanu.

Lolemba sanaoneke. Lachiwiri foni yawo inali yozima. Lachitatu m'mawa anatulukira, thukuta lili kamukamu, n'kundipatsa envulopu yomata atalembapo dzina langa. Sindinatsegule. Ndinaiponya m'chikwama n'kuthamangira takisi, epuloni nditapinda bwinobwino m'jumbo kuti mwina tiyamba tsiku lomwelo.

Pamzere panali atsikana ndi anyamata a mitundumitundu. Nthawi yanga itakwana ndinapereka kalata ya sukulu ndi envulopu ija kwa mayi wina wachikulire wa magalasi amene ankalemba maina. Anang'amba, anatsegula pasipoti, anandiyang'ana, anayang'ananso pasipoti. Kenako anatsitsa magalasi n'kundifunsa m'Chingerezi, mwaulemu wonse.

"Sisi, ndevu munameta liti?"

Ananditembenuzira tsamba lija. Inu owerenga, pachithunzi panali bambo wa ndevu zotuwa zofika pachifuwa, maso ali tong'o. Mtsikana wa kumbuyo kwanga anasuzumira n'kuphulika kuseka, mzere wonse n'kutsatira. Ine ndinafuna nthaka itseguke. Ndinathawa manyazi a pamsika wa Balaka kudzachita manyazi m'zilankhulo zinayi.

Mayi uja anali ndi mtima wabwino. Ananditengera m'kachipinda, anandipatsa madzi, ndipo ndinamuuza zonse osabisa. Anapukusa mutu n'kunena kuti ngakhale ndikanabwera ndi pasipoti yangayo, sakanandilemba, chifukwa chidindo cha mlendo sichilola munthu kuphunzira. Anawonjezera kuti munthu wolowa ngati mlendo sasinthira ku viza ya sukulu ali momwemo, amabwerera kwawo kukapempha. Za a Matiki anati ndizisiye lero lomwe, chifukwa chidindo chabodza chikapezeka, kapena ndikapitirira masiku, akhoza kundiletsa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi yaitali, ndiye za sukulu ndiiwale. Malo a chaka chimenecho anati apita, koma ndikabwera ndi viza yoyenera chaka chamawa adzandilandira. Ndinatuluka ndikulira, misozi ndikupukutira epuloni yatsopano ija.

Tsono vuto linali loti pasipoti yanga ili kuti. A Matiki anali atazimanso foni. Azakhali anapempha kuweruka msanga, ndipo tinayamba kuyenda m'misewu ya Mayfair tikuonetsa anthu chithunzi cha bambo wandevu ngati tikufuna mwamuna wothawa banja. Mnyamata wina wa ku Mangochi wogulitsa zipatso anangoona kamodzi n'kunena kuti amenewa ndi Che Jafali atelala, kuseri kwa shopu ya nsalu.

Tinawapeza akupalasa makina, ndevu zomwe zija. Envulopu yawo inali pansi pa mulu wa nsalu, yosatsegula. Anati anasiya kalekale kutsegula, amangolandira n'kusunga mpaka mwezi wina. Titang'amba, inalidi yanga. Ndinatsegula masamba, ndipo munalibe chidindo chatsopano ngakhale chimodzi. Mpaka lero sindidziwa ngati inakwera n'komwe basi. Azakhali anakalipa kuti a Matiki atidyera ndalama, koma Che Jafali anaseka n'kundiuza kuti ndithokoze Mulungu.

"Mwanangu, yakoyi idakali yoyera. Thamanga. Yangayi imapita kumudzi mwezi ndi mwezi, ine n'kutsala. Ndikati ndipite nayo ndekha, ndimaopa kuti pamalire andifunsa maulendo amene sindinayende."

Anati mwana wawo wamkazi anamusiya akuyamba sukulu. Atamva kuti kwathu ndi ku Balaka, anatuluka n'kubwera ndi nsapato zakuda za sukulu kuti ndikamupatse ku Ntaja.

Lachinayi ndinakwera basi. Pamalire a Beitbridge ndinadutsa Lachisanu, tsiku langa lomaliza, ndipo chidindo chitagunda ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Njira yonse ndinkakonza bodza loti ndikanene kumudzi. Ndinaganiza zoti sukulu yapsa, kenako zoti aphunzitsi akunyanyala. Titafika pa Mwanza ndinatopa nazo. Nditatsika pa Balaka ndinadutsa dala pakati pa msika, chikwama pamutu, bulangete la amayi a kumpingo lili pamwamba.

Anandiseka, musaganize kuti anandisiya. Wogulitsa tomato anafuula kuti wa ku Joni wafika, tipatseni maapozi. Mayi Chimwala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati chiponde chija ndinamaliza kapena ndabwera nacho. Nditawafotokozera za bambo wandevu anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo nkhaniyo inayenda mpingo wonse. Koma pasanathe milungu iwiri mbuzi ya abusa inalowa m'tchalitchi nthawi ya ulaliki, anthu n'kupeza nkhani ina. Manyazi amene ndinawaopa mpaka kutaya chaka anatha msanga chomwecho.

Kumene sindinaseke ndi ku Ntaja. Ndinafunsa nyumba ya Che Jafali, ndipo anatuluka mtsikana wamtali kundiposa, wa kusekondale. Nditamupatsa nsapato zija anaziyika pachikhatho. Zinali za kamwana. Mayi ake anaseka pang'ono n'kunena kuti bambo ako akukuonabe ngati uja anakusiya. Mtsikanayo anangozipukuta fumbi ndi chitenje n'kukaziika m'nyumba. Ndinamva chisoni kwambiri, ndipo m'minibasi pobwerera ndinadziuza kuti ine njira imeneyo ayi.

Chaka chimenecho ndinabwerera pambaula yanga. Ndinasonkhanitsa zonse zimene ankafuna, kalata yatsopano ya sukulu, ya kupolisi, ya kuchipatala, umboni woti ndili ndi pogona ndi chodya, n'kupita nazo ku Lilongwe. Achimwene anandiperekeza. Ndikanakonda kukuuzani kuti sanandikumbutse zimene anandiuza, koma anandikumbutsa pa depoti, pamzere, ndi pobwerera pomwe. Kudikira kunali kotopetsa, koma ndinkadikira ndikugula tomato pamsika ngati munthu.

Viza itatuluka ndinapita kwa mayi Chimwala. Ulendo uno anakana kulengeza asanaone ndi maso awo. Lachinayi lake pasipoti yanga inayenda benchi ndi benchi, aliyense akupukuta kaye manja, ena akuwerenga mokweza ngati vesi. Kenako anandiimbira nyimbo zomwe zija. Mphatso zinachepa. Mayi Chimwala analengeza kuti bulangete ndinalandira kale, ndipo kupepesa ndisabwereze chifukwa anandikhululukira chaka chatha.

Panopa ndili m'chaka chachiwiri. Mayi wa magalasi uja akandiona amagwira chibwano chake n'kundifunsa ngati ndameta, ine n'kuseka. Maepuloni anga amasoka Che Jafali. Ndinawaonetsa chithunzi cha mwana wawo pafoni, ndipo anakhala nthawi yaitali osapalasa makina. Azakhali nawo ayamba kufunsafunsa kwa odziwa malamulo kuti awongole zawo, ngakhale zawozo ndi zopota kuposa zanga.

Ndiye inu amene mukufuna kukakhalitsa kunja, yambani mwadzifunsa chimene mukupitira, ndipo viza yake ikhale ya chimenecho. Funsani ku ofesi yoyenera mudakali kwanu, osati kwa wachibale amene amakukondani koma naye mapepala ake ali m'jumbo. Pasipoti yanu musaikweze basi inu mutatsala. Ndipo chonde, amayi a kumpingo muziwauza pomaliza, viza ili m'manja. Mukalakwitsa ngati ine n'kutsanzika msanga, tulukani mukagule tomato wanu, akusekeni. Ine anandiseka milungu iwiri, koma pa Khirisimasi ndinapita kumudzi pamodzi ndi pasipoti yanga, ndipo tinabwerako tonse awiri.